Asisi, mangirirani display yo kukhoma, mwanayo sasiya kukwera

Pepani asisi, ndayankha mochedwa, bandulo inandithera usiku. Mwati mwana wanu wa chaka ndi miyezi 7 wayamba kukwera paliponse, pa sofa, pa tebulo, ndipo dzulo mwamupeza atakoka madirowa a display n'kuwasandutsa makwerero. Ndaona ena muno akuti mukwapuleni kamodzi kokha asiya. Ine ndalera atatu kuno ku Kasungu, ndipo ndikuuzeni mosapsatira, sasiya. Akangodziwa kuyenda, chotsatira n'kukwera. Mukamumenya amangophunzira kudikira kuti mutuluke kaye, ndiye azikwera pomwe palibe womuwakha. Mphamvu zanu zithereni pa katunduyo.

Ine ndinaphunzira mowawa. Chaka china abambo akunyumba fodya anawayendera bwino ku Chinkhoma, ndipo anabwera ndi display yaitali ya zitseko zagalasi kuchokera kwa kalipentala wina pa boma. Ndinaikamo mbale za alendo ndi makapu, pamwamba n'kukhazikapo TV zakale zija za chinunda kumbuyo. Loweruka lina ndikusenda mbatata pakhonde ndinangomva makapu akugundana m'nyumba, ngati munthu akugwedeza thireyi. Polowa ndinapeza wachiwiri wanga ataponda pa dirowa yachiwiri, dzanja lina lagwira shelefu, linalo likufunafuna rimoti. Miyendo yakumbuyo ya display inali itanyamuka kale, pakati pa iyo ndi khoma pokwana chikhatho changa. Ndinaitchinga ndi phewa. TV inatsetsereka n'kugwa pambali pake penipeni, mpaka pasimenti panatsala chibowo chomwe chilipo mpaka lero. Iye ankangoseka. Ine ndinakhala pansi miyendo ili njenjenje, mbatata sindinazimalize.

Chomwe chimatipusitsa n'choti timati katundu wolemera sangagwe. Display ndi wodiropu n'zazitali koma zopyapyala, ndipo zitseko, magalasi ndi madirowa onse ali kutsogolo. Mukatsegula madirowa awiri kulemera kumasamukira kutsogoloko, ndiye mwana wa makilogalamu 10 kapena 11 akalendewera pamenepo zatha. Onjezeranipo kuti pansi pa nyumba zathu zambiri si pofanana, timachita kuvikirira mwendo umodzi ndi kachikatoni. Ndipo si vuto la makalipentala athu okha ayi. Mu 2016 kampani yaikulu ya mipando ya IKEA inaitanitsa makabati a madirowa okwana 29 miliyoni ku United States, ana ena atamwalira chifukwa chogweredwa ndi makabatiwo. Mankhwala omwe akatswiri kumeneko amalimbikitsa ndi omwewa, kumangirira kukhoma.

Kumangirirako si ntchito yaikulu. Pitani ku hardware mukagule tizitsulo tiwiri topindika ngati L, amati mabulaketi, pamodzi ndi masikuluwu ndi ma wall plug, timapulagi tolowetsa m'bowo la khoma kuti sikuluwu igwire. Kalipentala aboole khoma ndi drill, mbali imodzi ya bulaketi ilowe kukhoma, inayo igwire pamwamba pa display. Apa mumuyang'anire: asamange pa kapulayiwudi kopyapyala ka kumbuyo kaja, kamang'ambika ngati pepala. Amange pa thabwa lenileni la pamwamba kapena la m'mbali. Ndipo musalole zokhoma msomali n'kukulungapo kawaya, msomali umazuka ndi pulasitala yemwe. Akamaliza ikokeni nokha ndi mphamvu zanu zonse. Ikagwedera, abwereze.

Ngati khoma lanu ndi la zidina, pulagi sigwira, dothi limangofumbutuka. Pamenepo pamafunika bauti yaitali yobowoleza khoma lonse, kunja kwake n'kuikako kathabwa kapena kachitsulo kotchinga. Zikavuta, chotsani katundu wamtaliyo m'chipinda chomwe mwana amasewera, kapena mugonekeni pansi mpaka mwana akule. Mwanena kuti muli pa lendi ndipo mukuopa alandilodi. Alankhuleni, mabowo awiri amatsekeka ndi kasimenti kodzaza supuni tsiku lotuluka. Ambiri nawonso ndi makolo, amamva.

Podikira kalipentala, lero lomwe tsitsani zolemera zonse zikhale m'munsi: mapoto, mbale zadothi, mabuku. Pamwamba pakhale zopepuka. Madirowa muwamange ndi chingwe kapena muwatulutse kaye. TV ngati ndi yopyapyala ipachikeni kukhoma, chifukwa timiyendo take tija sitilimba, mwana akangoikoka imabwera yonse. Ngati ndi yachinunda, ikhale pa tebulo lalifupi lotambalala, yokankhidwira kukhoma. Zimenezo kulemera kwake kuli ku galasi, kutsogolo. Mawaya asalendewere.

Tsono chinthu chomwe ambiri sitichiganizira. Mwana sakwera chabe, amakhala akutsata kanthu. Ife tomwe ndi amene timamuitana. Akamalirira foni kapena rimoti timamulanda n'kuika pamwamba pa kabati iye akuona, ndiye tamuuza kopita. Shuga, chiponde, botolo la Sobo, mabisiketi, zonsezo musaike pamwamba poonekera. Bisani iye asakuona, m'kati motseka. Ndipo popeza wayamba kukwera, mawu oti ndaika pamwamba sangafikire atha ntchito. Mapiritsi, parafini, mankhwala a makoswe, mankhwala opopera fodya ndi othira m'chimanga, zimenezi zikufuna loko. Makamaka parafini wa m'botolo la Fanta, chonde amayi anzanga, mwana amaona chakumwa.

Fulasiki ya tiyi nayo ndimaiopa kuposa sofa. Timakonda kuyala nsalu yokongola pa tebulo n'kuikapo fulasiki kapena tipoti. Mwana pofuna kukwera amagwira nsaluyo, zonse n'kumukhuthukira kumaso ndi pachifuwa. Nsalu ya patebulo ipume kaye chaka chimodzi, alendo sadzadandaula.

Kwa ife alimi pali china: matumba a chimanga. Tikakolola timawasanja m'chipinda kapena pabalaza pomwe, asanu kapena asanu ndi limodzi kukwera m'mwamba, ndipo kwa mwana limenelo ndi phiri la Kasungu. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Likagumuka mwana sangalichotse, ndipo sangathe n'kulira komwe. Sanjani motsika, mopingasa kuti agwirane, ndipo chitseko chikhale chotseka. Chimodzimodzi ndowa ndi madiramu a madzi. Mwana mutu wake ndi waukulu komanso wolemera poyerekeza ndi msinkhu wake, akakwera pa kampando kusuzumira amalowa chamutu ndipo sangadzitulutse. Vundikirani, ndipo timipando tisakhale pafupi.

Koma sofa mulekeni akwere. Inde, ndatero. Mwana amafunika pena pophunzirira, ndipo sofa ndi yaifupi komanso yofewa. Ikokeni ichoke pawindo, tebulo la pakati lija lokhala ndi ngodya zakuthwa kapena galasi lisunthireni kutali, pansi muyale mphasa kapena kamatiresi. Kenako mphunzitseni kutsika. Mugonekeni chamimba, miyendo itsogole, mumutsetserekere pansi uku mukunena kuti "miyendo kaye". Chitani kangapo patsiku ngati masewera. Wanga womaliza anazigwira pasanathe sabata ziwiri, mpaka ankatsika choncho pa bedi ndi pakhonde pomwe. Masokosi mumuvule akakhala m'nyumba, makamaka ngati mumapaka polishi. Ine Cobra ndinamusiya kaye zaka zimenezo, apongozi anandinena kuti ndine waulesi, koma ndinangoti zikomo.

Musamusiyirenso mkulu wake wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi kuti amuyang'anire inu muli kumjigo kapena kumsika. Nayenso ndi mwana, ndipo nthawi zambiri ndi iyeyo amayambitsa zokwerazo.

Kugwa adzagwabe, ndiye mudziwiretu chochita. Akagwa n'kulira nthawi yomweyo, kenako n'kutonthola n'kuyambanso kusewera, kawirikawiri palibe choopsa. Ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira pachotupacho, osachitikita kapena kuchikanikiza ndi supuni monga ena amachitira. Muyang'anireni tsiku lonselo ndi usiku womwe, mpaka mawa lake. Koma akakomoka ngakhale pang'ono, akamasanza mobwerezabwereza, akamangogona osadzuka bwino, akamagwedezeka ngati wakhunyu, akamatuluka magazi kapena madzi m'khutu kapena m'mphuno, liwombo likatukuka, akamakana kuyamwa, kapena akamalephera kuponda mwendo kapena kugwiritsa dzanja, musadikire kuti kuche. Tengani buku lake la kusikelo muthamange naye. Muli pa boma, ndiye Kasungu District Hospital ili pafupi. Amene muli cha ku Mtunthama kuli St Andrew's, a kumpoto kuli chipatala cha mishoni ku Nkhamenya. Zikakula amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiye ola lililonse lomwe mwachedwa kunyumba limawerengedwa. Ngati chamugwera ndi chinthu cholemera monga kabati, TV kapena thumba, pitani naye ngakhale akuoneka bwinobwino, chifukwa kuvulala kwa m'mimba ndi m'chifuwa sikuonekera kunja. Mukakayika usiku, Chipatala Cha Pa Foni mumaimba mwaulere, amakulangizani.

Ndipo kuchipatalako mukanene zoona, kuti wagwa kuchokera pati, kutalika bwanji, nthawi yanji, ndipo wagwera pasimenti kapena padothi. Ena timabisa poopa kukalipiridwa, koma adokotala amadalira zimenezo.

Tajambulani display yo ndi khoma la kumbuyo kwake mutumize muno, munenenso ngati ndi njerwa zowotcha kapena zidina. Ndiwaonetsa abambo akunyumba madzulo akuuzeni masikuluwu a saizi yanji oti mukagule.