Sikelo yalowa pakati pa ine ndi amuna anga

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndakhala pabanja zaka 9 ndipo tili ndi ana atatu. Chiberekereni mwana womaliza thupi silinabwerere m'malo mwake, ndipo adokotala ataona kuti BP yanga yayamba kukwera anandilangiza kuti ndichepetse thupi. Ndinayamba miyezi itatu yapitayo ndikulemera makilogalamu 86. Ndimayenda ndawala m'mawa uliwonse, ndachepetsa shuga ndi zamafuta, ndipo sindinanamizirepo ngakhale tsiku limodzi.

Amuna anga ndiwo anagula sikelo, ati pofuna kundilimbikitsa. Poyamba zinkasangalatsa chifukwa nambala inkatsika msanga. Koma tsopano ikungokwera ndi kutsika. Lachiwiri ndinali 81.4, pofika Lachinayi ndinali 82.9. Amuna anga, omwe masiku ano amaima kumbuyo kwanga ndikamakwera pasikelo, anandifunsa kuti, "Kodi ukumadya chiyani ine ndikachoka?" Nkhaniyi anakaifotokozanso kwa mchemwali wawo, ndipo alamu angawo anandiseka pamaso pa ana. Tsiku lotsatira sindinalawe kanthu mpaka madzulo, ndinachita chizungulire kuntchito. Ndasiyanso kumwa madzi madzulo poopa nambala ya m'mawa. Kuchipinda ndikumazimitsa nyale ndisanavule, ndipo nthawi zambiri ndikumangoti ndatopa. Kodi ndingosiya zonsezi? Nanga amuna anga ndiwauze chiyani kuti andikhulupirire?

Mayi wothedwa nzeru

Mayi mnzanga,

Ndiyambe ndi chimene chandipweteka mtima kwambiri m'kalata yanu, chizungulire chija. Lero lomwe yambaninso kudya bwinobwino ndi kumwa madzi monga kale. Munthu amene BP yake ikuyang'aniridwa ndi adokotala sayenera kugona ndi ludzu kapena kuswera ndi njala chifukwa choopa nambala. Mukadzagwa pamsewu kapena mwana ali kumsana, sikelo sidzakudzutsani.

Ndikukukhulupirirani kuti simukudya mobisa, ndipo sindikunena izi pongofuna kukutonthozani. Masamu omwe akukuchitirani umboni. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calorie (muyeso wa mphamvu yomwe thupi limapeza m'chakudya) pafupifupi 7,700. Kuti munenepe ndi makilogalamu 1.5 a mafuta enieni pakati pa Lachiwiri ndi Lachinayi, mukanayenera kudya ma calorie oposa 11,000 pamwamba pa zomwe thupi lanu limagwiritsa ntchito. Mayi wamkulu amafuna ma calorie pafupifupi 2,000 patsiku. Ndiye kuti m'masiku awiriwo mukanadya chakudya cha masiku oposa asanu chowonjezera pa chakudya chanu cha nthawi zonse. Zoterozo sizibisika m'nyumba, ndipo mimba yanu ikanakana.

Chimene chinakwera ndi madzi. Theka la thupi la munthu wamkulu, ngakhale kupitirirapo, ndi madzi, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi ndendende. Sikelo siisiyanitsa mafuta, madzi, minofu kapena chakudya chomwe chikadali m'matumbo. Imangowerengera zonse pamodzi. N'chifukwa chake munthu aliyense, wonenepa ngakhale woonda, kulemera kwake kumasintha ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri m'kati mwa tsiku limodzi. Amuna anu akadziyeza m'mawa ndi madzulo kwa mlungu umodzi adzaziona okha pathupi pawo.

Madziwo amabwera bwanji? Mukadya chakudya cha mchere wambiri, thupi limasunga madzi kuti mcherewo usachuluke m'magazi, ndipo pamatenga tsiku kapena awiri kuti impso ziutulutse. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi osakwana kasupuni kamodzi kakang'ono, ndipo kwa inu a BP langizoli ndi lofunika kawiri. Palinso shuga amene thupi limasunga m'chiwindi ndi m'minofu, yemwe amatchedwa glycogen. Galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa pamodzi ndi madzi pafupifupi magalamu 3. Munthu akangoyamba kuchepetsa chakudya, nkhokwe imeneyi ndiyo imayamba kutha, madzi ake n'kutuluka, ndiye chifukwa chake milungu yoyamba ija nambala inkatsika mothamanga mpaka nonse munkasangalala. Tsiku lomwe mwadya mokhuta, nkhokweyo imadzazanso ndipo madzi amabwerera. Mafuta omwe munachotsa sanabwerere ayi. Onjezanipo kudzimbidwa, kusagona mokwanira, nkhawa, ngakhalenso kuphwanya kwa minofu mukalimbitsa thupi kuposa masiku onse, zonsezi zimakweza nambala kwa kanthawi.

Ndipo pali china chomwe abambo ambiri sachidziwa chifukwa ife amayi sitichikamba. Masiku oyandikira kusamba, thupi la mayi limasunga madzi, mawere amalemera, mimba imatupa, ndipo sikelo imakwera. Mukayamba kusamba madziwo amachoka okha. Tayang'anani pakalendala kuti Lachinayi lija linali tsiku liti pa mwezi wanu. Ngati mukugwiritsa ntchito njira yolera, makamaka ya jakisoni, mukafunsenso achipatala, poti amayi ena amaonjezera thupi nayo. Koma musaisiye panokha musanakambirane nawo.

Taonani tsopano ntchito yomwe mwagwira. Munayamba ndi 86, lero mukuzungulira pakati pa 81 ndi 83. Mwachotsa makilogalamu pafupifupi 4 m'miyezi itatu, muli ndi ana atatu, ntchito ndi nyumba. Achipatala amalangiza kuti munthu azitsika pang'onopang'ono, osapitirira theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pamlungu, ndipo kuchotsa ngakhale magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwanu kumathandiza kale pa BP ndi shuga. Kwa inu magawo amenewo ndi makilogalamu 4.3. Mwatsala pang'ono kufika pamenepo, ndiye musiye bwanji?

Kayezedwe kokha ndiko musinthe. Dziyezeni m'mawa mutapita kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa kanthu, mutavala zofanana, sikelo ili pansi polimba pamalo omwewo. Ngati mtima wanu ungathe kupirira kuyeza tsiku ndi tsiku, lembani manambala onse 7, muwaphatikize n'kugawa ndi 7, ndipo yerekezani mlungu ndi mlungu, osati dzulo ndi lero. Koma malinga ndi momwe mwalembera, ine ndikuona kuti mtima wanu wavulala kale, choncho pakadali pano yezani kamodzi pamlungu basi, kapena muibise sikeloyo kwa mwezi wathunthu. Tengani tepi yoyezera nsalu, muziyeza m'chiuno kamodzi pa milungu iwiri. Siketi yomwe inkakana kutseka imanena zoona kuposa nambala ya m'mawa umodzi.

Chenjezo limodzi lokha. Mukaona kuti mwakwera ndi makilogalamu awiri kapena kuposerapo m'masiku ochepa, miyendo kapena nkhope zikutupa, kapena mukubanika popuma, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko sikukhalanso kusinthasintha wamba, kungakhale mtima kapena impso.

Tibwere kwa bambo a kunyumba. Sindikufuna kuwaweruza mopitirira, chifukwa mwamuna amene wagula sikelo atamva za BP ya mkazi wake nthawi zambiri amakhala ndi mantha, kuopa kumutaya. Ambiri sadziwa kunena kuti "ndikuopa", ndiye mantha awo amatuluka ngati upolisi. Komabe analakwa, ndipo analakwa pawiri. Anakukayikirani ngati mwana wakuba m'mphika, kenaka anatulutsa nkhani ya thupi lanu kunja kwa chipinda mpaka ana kumva amayi awo akusekedwa. Ichi chachiwirichi chikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ana amaphunzira kuona matupi awo poyang'ana momwe thupi la mayi wawo likukambidwira. Ngati muli ndi mwana wamkazi, dziwani kuti tsiku lija anamva mawu onse ndipo anawasunga.

Musakambe nawo m'mawa sikelo ili pafupi. Sankhani madzulo ana atagona, nonse mutadya. Musayambe ndi masamu anga aja, yambani ndi zomwe sakuzidziwa: kuti munaswera ndi njala, kuti munachita chizungulire kuntchito, kuti mukuzimitsa nyale chifukwa mukuchita manyazi ndi iwo omwe. Ndikukayika ngati akudziwa kuti funso lawo limodzi lija lafika mpaka pabedi. Mwina akuganiza kuti mwangosiya kuwafuna. Mukatero auzeni mosapita m'mbali kuti nambala ya pasikelo ndi yanu ndi adokotala anu, ndipo simudzakweranso iwo ataima kumbuyo. Koma musawasiye manja ali lende, apatseni ntchito ina. Adzuke ayende nanu m'mawa, kapena atsale ndi ana inu mukatuluka. Adye chomwe inu mukudya, osati inu mbale yanu iwo yawo. Tsiku lokayezetsa BP apite nanu, akamve okha kwa adokotala kuti kukwera ndi kutsika kwa sikelo ndi chinthu chachibadwa. Abambo ena mawu omwewo amawamva bwino akachokera kwa wachipatala kusiyana ndi kwa mkazi wawo, ndipo ngakhale zimenezi zimandiwawa, tigwiritse ntchito njira yomwe ilipo.

Za alamu anu musalimbane nazo nokha. Amene anatulutsa nkhaniyo ndiye akaitseke. Amuna anu akauze mchemwali wawo kuti analakwitsa kuiulula ndipo isadzakambidwenso, makamaka pamaso pa ana. Akakana, kapena mawu onyoza akapitirira ngakhale mutawafotokozera zonsezi, ndiye kuti vuto lakula kuposa sikelo, ndipo mufunika munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza, kapena mlangizi wa mabanja, kuti akhale nanu pansi. Chimodzimodzinso mukaona kuti mantha a chakudya sakuchoka, mukungowerengera chilichonse cholowa m'kamwa kapena mukudzilanga ndi njala mobwerezabwereza, kauzeni adokotala anu momwe mwandiuzira ine, osabisa kanthu.

Nyale ija sindikukakamizani kuiyatsa usiku uno. Muyambe mwakamba nawo, mumve chomwe ayankhe, kenaka mundilemberenso. Ndikufuna kudziwa ngati mwadya.

Azakhali