Kwa mwini Kombi wa ku Ngabu: onani mabushi musanatsitse giyabokosi

Bambo, ndawerenga funso lanu lokhudza Volkswagen Kombi ya 1975 imene mumayendera pakati pa Ngabu ndi Nchalo. Mwafotokoza kuti ndodo ya giya ikugwedera mbali zonse ngati mthiko mu mphika wa phala, kuti mukafuna giya yoyamba nthawi zina mumapezeka mwalowa yachitatu, komanso kuti makaniko wina wakuuzani kuti giyabokosi yatha, mufune ina. Pempho langa ndi lakuti musagule giyabokosi ina, ndipo musalole kuti imene muli nayoyo itsitsidwe, mpaka mutaona kaye zitsulo zimene zili pakati pa dzanja lanu ndi giyabokosiyo, chifukwa zizindikiro zimene mwatchulazi kawirikawiri zimachokera ku mabushi otha, amene ndi tinthu ta labala kapena pulasitiki togwira zitsulozo kuti zisagwedere, totsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi giyabokosi.

Chimene chimasiyanitsa Kombi ndi maminibasi amene tinazolowera pa msewu wa M1 ndi chakuti injini ndi giyabokosi yake zili kumbuyo, pamene dalaivala amakhala kutsogolo kwenikweni, pamwamba pa matayala. Choncho mukasuntha ndodo ya giya, mphamvu ya dzanja lanu imayenda mtunda woposa mamita awiri kunsi kwa galimoto kudzera m'marodi awiri achitsulo: yaifupi ya kutsogolo, ndi yaitali imene imadutsa mkati mwa paipi yowotcherera ku chasisi. Rodi imeneyi imagwira ntchito ziwiri. Imapita kutsogolo ndi kumbuyo polowetsa giya, komanso imazungulira pang'ono posankha mzere, kaya wa giya yoyamba ndi yachiwiri, wa yachitatu ndi yachinayi, kapena wa rivesi. Kuzungulira kumeneku ndi kochepa zedi, moti bushi ya kutsogolo ikadyeka pang'ono, cholumikizira cha kumbuyo nacho n'kulekera pang'ono, kulekera konseko kukaphatikizana dzanja lanu limayenda koma giyabokosi osamva kanthu. N'chifukwa chake mukusowa giya yoyamba n'kumagwera mu yachitatu.

Musanagule chilichonse, yesani izi. Zimitsani injini, mupondereze klatchi, ndipo mulowetse magiya onse limodzilimodzi. Ngati ndodo ikusocherabe injini ili chete, vuto lili m'marodi ndi mabushi. Ngati magiya akulowa bwino injini itazima koma akukukuta mano ikamalira, makamaka giya yoyamba ndi rivesi, ganizirani za klatchi imene sikulekanitsa bwino. Klatchi ya Kombi imakokedwa ndi waya, ndipo kumapeto kwa wayayo, pafupi ndi giyabokosi, kuli nati ya mapiko yosinthira. Chopondera chiziyamba chatsika pafupifupi masentimita awiri chisanayambe kulimba. Koma ngati giya imodzi yokha, monga yachiwiri, ndi imene ikukukuta galimoto ikuyenda, zina zonse zikulowa bwino, pamenepo makaniko wanu akhoza kukhala kuti akunena zoona za mkati mwa giyabokosi. Kenako pemphani munthu wina akhale pa mpando azigwedeza ndodo, inu mutagona kunsi ndi tochi, ndipo muzitsatira rodi ndi maso kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pamene mbali imodzi ikuyenda inzake itaima, pomwepo ndiye pali vuto.

Za kulowa kunsi kwa galimoto ndisazidutse mwachangu. Dothi la kuno ku chigwa, makamaka m'malo amene madzi osefukira anasiya mchenga ndi matope, limatitimira, ndipo jeke yokha si yoidalira moyo wanu. Imikani galimoto pa simenti kapena pa dothi lolimba losalala, ikani masitandi achitsulo kapena matabwa ochindikala pansi pa chasisi, osati njerwa chifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi, ndipo mutsekereze matayala kutsogolo ndi kumbuyo. Kumbukirani kuti ntchito yonseyi muigwira giya ili pa neutral, ndiye kuti chogwira galimotoyo ndi hendibuleki yokha ndi zotsekerezazo.

Yambirani kumbuyo, chifukwa ndi kumene vutoli limapezeka kawirikawiri ndipo ndi kosavuta kufikako. Kutsogolo kwa giyabokosi kumatuluka kachitsulo kozungulira, ndipo kamalumikizana ndi rodi yaitali kudzera m'cholumikizira chimene amakaniko amachitchula kuti coupling. Ndi kachikombole kachitsulo kokhala ndi timabuloko tiwiri ta labala kapena pulasitiki, kamodzi mbali iyi kena mbali inayo, ndipo pini imadutsa pakati pa timabulokoto ndi rodi. Kutentha kwa kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa labala ameneyu mpaka kung'aluka, ndipo oyilo akamadontha kuchokera ku giyabokosi amamufewetsa n'kumuphwanya. Mukakanda ndi chikhadabo n'kuona tizidutswa takuda tikutsalira pa chala, kapena mukaona kuti bowo la pini latalika m'malo mokhala lozungulira, dziwani kuti mabushiwo atha.

Cholumikizirachi chimamangidwa pa kachitsulo ka giyabokosi ndi kabawuti ka mutu wa makona anayi, kosongoka kunsonga, kamene kamalowa m'kadzenje kake ndipo kamamangidwa ndi waya kuti kasamasuke. Dulani wayayo, tsukani mutuwo ndi palafini, ndipo mugwiritse sipanala yokwana bwino ya 8, chifukwa mutu umenewu ukangoperepeseka ntchito ya mphindi zochepa imasanduka ya tsiku lonse. Langizo langa ndi lakuti ngati kachikombole kachitsulo kali kolimba, mukasunge n'kusintha mabushi okha, popeza zitsulo zimene zinabwera ndi galimotoyi nthawi zambiri zimakhala zolimba kuposa zina zotsika mtengo zimene zikugulitsidwa masiku ano. Chongofunika kuonetsetsa ndi khosi lake, pamene pamalowa kabawuti kaja: ligwireni ndi pulayasi muone ngati likuzungulira palokha mkati mwa chikombolecho. Ngati likuzungulira, wowotcherera angalimangitse ndi timadontho tiwiri, cholumikiziracho chitachotsedwa pa galimoto. Pobwezeretsa, nsonga ya kabawuti ikhale m'kadzenje kake ndendende, ndipo waya watsopano asaiwalike. Msewu wa fumbi wa mabampu umamasula kabawuti kopanda waya, ndipo kakagwa ndodo ya giya imangoyenda yokha, galimoto n'kutsalira mu giya imene inali.

Muli pomwepo, gwedezani kachitsulo ka giyabokosi kaja m'mwamba ndi pansi, ndipo muone ngati pakudontha oyilo. Onaninso mounting ya labala imene imagwira mphuno ya giyabokosi ku chasisi. Ikang'ambika, giyabokosi yonse imasuntha mukaponda moto kapena mukasiya, n'kukoka rodi, ndipo giya imatuluka yokha. Anthu ambiri amaimba mlandu mabushi kapena giyabokosi pa vuto limene ndi la mounting.

Kutsogolo ntchito yake ndi yochulukirapo. M'kati mwa galimoto, kwezani mphasa ya pansi ndi labala wa patsinde pa ndodo ya giya, ndipo muona mabawuti awiri a sipanala ya 13. Musanawamasule, jambulani ndi foni, ndipo mulembe mzere ndi msomali kuzungulira chitsulo chimene akupanikiza, kuti mudzadziwe pamene chinali. Pansi pake pali sipuling'i ndi kapuleti kokhala ndi mbali imodzi yopindikira m'mwamba. Kapuleti kameneka ndi kamene kamakutchingani kuti musalowe rivesi pokhapokha mutakanikizira ndodo pansi, ndipo kakadyeka kapena kakaikidwa mozondoka mumapezeka mukukhudza rivesi pofuna giya yachiwiri. Onetsetsani mmene kakhalira musanakanyamule. Kunsi kwa galimoto chotsani chitsulo chophimba pansi pa zopondera, kenako mupeze pamene rodi yaifupi yalumikizana ndi yaitali. Napo pali kabawuti kosongoka ndi waya wake.

Malo amenewa ndi amene adzayese kuleza mtima kwanu. Galimoto iliyonse yakale ya ku Chikwawa ndi Nsanje imene inaona madzi a 2015, a namondwe Ana mu 2022 kapena a Freddy mu 2023, kapenanso imene imangowoloka madambo nthawi ya dzinja, imakhala ndi dzimbiri logwira marodi awiriwa ngati chitsulo chimodzi. Thirani mafuta omasula dzimbiri madzulo, mubwerezenso m'mawa, kenako muzigogoda pang'onopang'ono m'mbali mwa cholumikiziracho uku mukupotoza. Musamenye rodi ndi hamala molunjika kumbuyo cholumikizira cha ku giyabokosi chisanamasulidwe, chifukwa nkhonya iliyonse ikafikira zitsulo za mkati mwa giyabokosi, ndipo mudzaononga chinthu chimene chinali chabwinobwino. Moto wa gasi ndi wothandiza, koma pafupi pomwepo pamadutsa mapaipi a mabuleki ndi mawaya a magetsi, choncho ugwiritsidwe ntchito ndi munthu wodziwa, zina zonse zitalephera.

Bushi ya kutsogolo si yofanana pa Kombi zonse, ndipo apa ndi pamene anthu amataya ndalama pogula chosakwana. Pa Kombi za galasi limodzi lakutsogolo za zaka zoyambirira, bushi imakhala m'bowo la kachitsulo kolendewera ndipo rodi imadutsa mkati mwake, pamene pa za zaka zakumapeto kwa ma 1970 bushi imakhala mkati mwa nsonga ya rodi n'kumatsetsereka pa pini yowotcherera ku chasisi. Chaka cholembedwa pa mapepala a galimoto nthawi zina chimakhala chimene inalembetsedwa, osati chimene inapangidwa. Pa Kombi zopangidwa ku Germany m'zaka za 1970 mpaka 1979, nambala yachitatu pa nambala ya chasisi ndi imene imasonyeza chaka, moti ya 1975 iyenera kukhala ndi 5 pamenepo. Komabe Kombi zina zinachokera ku South Africa, kumene Volkswagen inkazimanga ku Uitenhage, ndipo pa zaka zonsezi zadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri amene amaika chimene apeza. Choncho chotsani kaye zakalezo, muziike m'kajumbo ngakhale zitaphwanyika, ndipo mupite nazo ku Limbe kapena ku Ndirande, kapena muzijambule pambali pa rula ngati mukuitanitsa kuchokera ku Johannesburg. Zikasowa, munthu wa lathe, makina osemera zitsulo, angakusemereni bushi ya kutsogolo kuchokera ku nayiloni yolimba, bola mumupatse rodi yeniyeniyo ayeze yekha. Chidutswa cha paipi ya madzi kapena malamba a chubu cha tayala zingakufikitseni kunyumba tsiku la vuto, koma sizikhalitsa pa kutentha kwa kuno.

Poika yatsopano, palani rodi ndi sandipepa wosalala mpaka iwale pamene pamayenda bushi, chifukwa dzimbiri lotsala lidzadya bushi yatsopanoyo m'miyezi yochepa. Iviikeni bushiyo m'madzi otentha kwa kanthawi kuti ifewe, ilowe popanda kusweka. Pakani girisi wochepa, ndipo musachulutse pamalo oonekera, popeza girisi akasakanikirana ndi fumbi la mchenga amapala chitsulo m'malo mochiteteza. Timalabala totseka kukamwa kwa paipi yaitali ija, ngati tang'ambika, tisinthidwe nthawi yomweyo.

Mabushi a mkati mwa paipi, amene amakhala awiri kapena atatu malinga ndi chaka, ndikukulangizani kuti muwasiye kaye. Rodi yaitali simatuluka bwino giyabokosi ili pamalo pake, ndiye kuti kuwafikira kumafuna kutsitsa injini ndi giyabokosi. Akatha amachititsa phokoso la kugwedera kunsi kwa galimoto ndiponso kulimba kwa ndodo, koma kusochera kwa magiya kumachokera kwambiri ku malekezero awiri aja. Gulani mabushiwo musunge, ndipo tsiku limene injini idzatsike chifukwa cha klatchi, mudzatsitsenso giyabokosi, musolole rodi, mukokemo m'paipimo kansanza konyowa ndi palafini komangidwa ku waya mpaka matope onse atuluke, kenako muike atsopano.

Mukamanga zonse, bwezerani kapuleti ndi ndodo pa mzere umene munalemba, koma mabawuti awiri aja musawalimbitse msanga. Lowetsani giya yachiwiri, sunthani kapuleti pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva mpaka kakhudze tsinde la ndodo popanda kuikankha, limbitsani, kenako yesani magiya onse injini itazima. Rivesi isalowe musanakanikizire ndodo pansi. Mzere wakale uja ndi poyambira chabe, chifukwa mwina wina anasunthapo kapuleti pofuna kubisa kutha kwa mabushi, choncho musadabwe mukabwereza kangapo mukusuntha milimita imodzi kapena ziwiri. Onaninso oyilo wa giyabokosi pa chotsekera cha m'mbali chimene chimamasulidwa ndi Allen key ya 17. Ayenera kufika pakamwa pa bowolo galimoto itaima pamalo osalala, ndipo akaoneka wotuwa ngati mkaka ndiye kuti munalowa madzi, asinthidwe ndi wa 80W-90 wa mtundu wa GL-4.

Kuyesa koyamba kuchitike pa msewu wathyathyathya wa pakati pa Ngabu ndi Nchalo. Mu giya iliyonse pondani moto kenako musiye mwadzidzidzi, dzanja litachoka pa ndodo, muone ngati giya ikukhazikika. Musakwere kapena kutsika mapiri a pakati pa Thabwa ndi Blantyre mpaka giya yachiwiri ndi yachitatu zitasiya kutuluka zokha, chifukwa potsika pamenepo galimoto yolemera imadalira injini kuti ichepetse liwiro, ndipo giya ikatuluka pa khona katundu yense amagwera mabuleki amene atentha kale. Ngati mutasintha mabushi a mbali ziwirizi, mounting ili bwino, klatchi mwaikonza, koma giya imodzi ikukukutabe kapena kutuluka, tumizani zithunzi za cholumikizira cha kumbuyo ndi kapuleti kaja pamodzi ndi nambala zitatu zoyambirira za chasisi, kuti tione ngati nthawi yotsegula giyabokosi yakwanadi.