Filimu yako ya kumanda yalephera kuopsa chifukwa cha mandawo

Mnyamata wina wa ku Kapata wanditumizira imelo. Akuti iye ndi anzake anajambula kafilimu ndi foni usiku pafupi ndi manda, koma oonera anangoseka. Funso lake ndi lakuti: akatswiri amatani kuti mtima wa munthu ugunde popanda mfiti kapena magazi?

Mng'ono wanga, kumanda aliyense amapita atakonzeka kale kuchita mantha, ndiye sungamudzidzimutse. Filimu yosautsa maganizo imafuna malo amene munthu amawakhulupirira. N'chifukwa chake Alfred Hitchcock, katswiri wopanga mafilimu, mu filimu yake ya Psycho ya 1960, anaika imfa m'bafa, pomwe munthu wavula ndipo alibe chodzitetezera. Mu filimu yake ina, Rear Window ya 1954, mwamuna wothyoka mwendo amangokhala pazenera kuyang'ana anansi, ndipo kamera imakhala naye m'chipindamo pafupifupi filimu yonse. Iye sangathawe, ifenso tamangidwa naye limodzi.

Tsono taganiza nyumba zalendi za ku Mchini, zija za zitseko zondondozana, zomwe umamva mnansi akutsokomola kuseri kwa khoma. Malaiti apita. Mayi akuthyakula nsima pa mbaula, kumbuyo kwawo chitseko chatseguka pang'ono. Foni uiike pampando, pansi ndithu, kuti mayiwo ndi mpata wa chitseko zionekere pamodzi. Usaigwedeze, usadule. Werenga chamumtima mpaka 20. Maso a woonera achoka pamphika okha, apita pamdima uja, nayamba kuumba munthu amene iwe sunamuikemo. Kenako kuwala kwa makala kugwere pansapato ziwiri zomwe poyamba panalibe. Ife taziona, mayi sanazione. Ntchito yonse yagona apa: woonera adziwe chimene munthu wa m'filimu sakudziwa, mpaka afune kukuwa kuti "amama, tembenukani!"

Achinyamata ambiri mumakonda kuthamanga ndi foni, chithunzi n'kumanjenjemera. Ine zimandipweteka, chifukwa kumeneko n'kutaya mantha amene mwawavutikira. Kamera ikamayenda, iyandikire nkhope pang'onopang'ono ngati bilimankhwe.

Ungamve za njira ya mu Vertigo, filimu ya Hitchcock ya 1958, yobweza kamera m'mbuyo uku galasi likukokera chithunzi pafupi, malo n'kumaoneka ngati akutanuka. Ndi yokongola, koma isiye kaye.

Nyimbo zoopseza usaikemo. Pamveke mthiko wokha ukugunda mumphika, gu, gu, gu. Nsapato zija zikasuntha kamodzi, mthikowo usiye kulira.