Kodi Madzi Akhale a Anthu Kapena a Nyama?

FUNSO: Ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, ndipo kumpopi kwathu pamatha masiku ambiri madzi osatuluka, moti timangokhalira kuima pamzere kumjigo. Komabe ndimamva anthu ena akuletsa kumanga nyumba ndi kulima m'madambo, ati pofuna kuteteza mbalame ndi nyama. Kodi n'chilungamo kuganizira nyama pamene ana athu akusowa madzi akumwa?
Mayi wa ku Mufakose

YANKHO: Zikomo amayi chifukwa cha funso lanu, ndipo dandaulo lanu ndi lomveka, pakuti munthu amene wadzuka m'bandakucha kukadikira pamjigo sangauzidwe za mbalame iye n'kumvetsera mosavuta. Koma kuno ku Harare madzi amene nyama zimamwa ndi omwewo amene amabwera kumpopi kwanu, choncho chimene chikupha nyamazo chikuopsezanso ana anu.

Mzinda wathu unamangidwa kumtunda, pamene nyanja ya Chivero, imene inapangidwa mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame, ili kumunsi kwake. Zimenezi zikutanthauza kuti chilichonse chimene chatayidwa mumzinda, kaya ndi zonyansa za m'zimbudzi zotuluka m'mapaipi ophulika kapena zotayidwa kumafakitale, chimatsika ndi mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba n'kukathera m'nyanjayo, kenaka madzi omwewo amapopedwa kupita kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray kuti akayeretsedwe ndi kubwezedwa kwa ife. Madzi akada kwambiri pamafunika mankhwala ochuluka owayeretsera, ndipo mankhwalawo akasowa kapena akakwera mtengo, madzi otuluka kumeneko amachepa ndipo mipopi ya m'makomboni imauma.

Ntchito ya dambo imaonekera pamenepa. Udzu ndi dothi la m'dambo zimasunga madzi a mvula, kuwasefa, ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe, komanso zimalowetsa madzi pansi pomwe mijigo imatungapo. Dambo la Monavale, limene madzi ake amalowa mu Marimba, linaikidwa mu 2013 pa mndandanda wa madambo otetezedwa a mgwirizano wa mayiko wotchedwa Ramsar pamodzi ndi damu la Cleveland komanso nyanja za Chivero ndi Manyame. N'zoona kuti kumeneko kumabwera mbalame zosowa kudzaswana nthawi ya dzinja, koma amene amapindula kwambiri dambolo likasiyidwa ndi anthu okhala kumunsi, ndipo inu amayi muli m'gulu limenelo.

Zimene zinachitika mu Disembala 2024 ziyenera kutitsegula maso. Zipembere zinayi za kumalo osungirako nyama a Chivero zinafa zitamwa madzi a m'nyanjayo, omwe anali atadzaza ndere zapoizoni zimene zimakula msanga m'madzi olowa zonyansa, ndipo panafanso mbidzi, nyumbu, nkhwazi ndi nsomba zambirimbiri, mpaka boma linaletsa usodzi. Ife amene tikukumbukira kolera ya mu 2008 ndi 2009, yomwe inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, sitingaone imfa za nyamazo ngati nkhani ya alendo odzaona malo okha.

Sindikunena kuti chitukuko chiime. Chiwerengero cha anthu mumzinda chinakula kuposa madamu amene tili nawo, ndipo damu latsopano la Kunzvi, la kum'mawa kwa Harare, likufunikadi. Koma damu latsopano lisakhale chifukwa chosiyira Chivero kuti iwole, ndipo m'maganizo anga ndalama zoyamba ziyenera kupita kokonza mapaipi a zonyansa ndi malo oyeretsera zonyansazo a Firle ndi Crowborough, chifukwa ntchito imodzi yomweyo ingapulumutse nyama ndi kuchepetsa mtengo woyeretsera madzi.

Nkhani ya kulima ndiyo yovuta, pakuti mabanja ambiri, kuphatikizapo a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi opanda munda kuno, amadalira chimanga cha m'dambo. Si bwino kuthamangitsa mayi wolima kachigawo kochepa pamene womanga nyumba zikuluzikulu padambo lomwelo akusiyidwa, ngakhale kuti lamulo losamalira chilengedwe limafuna chilolezo cha EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, kwa onse. Ngati mumalima, talikirani mtsinje ndi mamita 30 monga lamulo likunenera, chepetsani feteleza amene amakokolokera m'madzi, ndipo mukaona paipi ya zonyansa yaphulika kapena maziko akukumbidwa padambo, kauzeni khansala wa dera lanu ndi a EMA mwamsanga, makamaka muli gulu.