Musanayankhe mafunso a pa app ya uphunguyo

Achemwali, mwafunsa ngati kuli bwino kuuza app ya uphungu zakukhosi kwanu, poti ikukufunsani za kusowa tulo, mankhwala amene mukumwa, mpaka ngati munaganizapo zodzipha. Thandizo lifuneni ndithu, musabwerere m'mbuyo. Koma nkhawa yanuyo ili ndi maziko.

Kampani ya BetterHelp ya ku America, yopereka uphungu pa intaneti, inkalonjeza anthu kuti mayankho awo akhala achinsinsi. Mu 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC linaiimba mlandu wopereka maimelo a anthu ndi zina zokhudza umoyo wawo kwa Facebook, Snapchat, Pinterest ndi Criteo pofuna kutsatsa malonda. Kampaniyi inavomera kulipira madola 7.8 miliyoni kuti abwezeredwe kwa makasitomala. Ena amati imelo yokha siulula kanthu. Imaulula! Ikachokera ku kampani ya uphungu, woilandirayo wadziwa kale kuti mwini wake akuvutika maganizo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mafunsowa amabwera koyambirira, munthu asanalankhule n'komwe ndi mlangizi. Munthu amakhala atathedwa nzeru, mwina pakati pa usiku, ndipo amangodina kuti wavomera, osawerenga masamba ambirimbiri a malamulo olembedwa m'Chingerezi cha maloya. Kampani ikadzati "anatilola yekha", ine sindingavomere. Munthu amene akumira m'madzi sasankha dzanja lomuvuula, ndipo kupezerapo phindu pa nthawi ngati imeneyo n'kulakwa ngakhale lamulo litakhala chete.

Palinso akuba. Ku Finland, mu 2020, zinadziwika kuti munthu wina anaba zolemba za alangizi pa makompyuta a kampani ya uphungu ya Vastaamo, zokhudza anthu oposa 30,000. Analembera odwalawo mmodzimmodzi kuti alipire ma euro 200, apo ayi zinsinsi zawo aziika pa intaneti.

Ndiye musalowe pa app kudzera pa akaunti yanu ya Facebook kapena Google. Tsegulani imelo ina yosakhala ndi dzina lanu. Alembereni eni ake a app muwafunse kuti zimene mukambirane ndi mlangizi amazisunga nthawi yaitali bwanji, akuziona ndani, komanso ngati angazifufute mutapempha. Akayankha mozungulira, asiyeni.

Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, koma kulondola kampani ya kunja n'kovuta. Ngati mungakwanitse kuonana ndi mlangizi maso ndi maso kuchipatala, zozama kwambirizo mukanene kumeneko.