Tifunseni: Chisipanishi cha m'chipatala, katchulidwe ndi mbuna zake

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Mzuzu, kwa anthu a zaumoyo amene ayamba kuphunzira Chisipanishi. Ena akulinga ku Cuba, ena ku Spain, ena akufuna ntchito m'mabungwe othandiza anthu kunja. Tasankhapo asanu.

Akonzi, ndine namwino ndipo ndayamba Chisipanishi pa foni. Pa app ndimamva akuti "grasias", koma mphunzitsi wina pa YouTube amatchula mawu omwewo ataluma lilime. Akulakwa ndani? Namwino, Chibavi

Palibe akulakwa, mayi. Chisipanishi ndi chiyankhulo cha boma m'mayiko 20, ndipo chimasiyana monga momwe Chichewa cha ku Kasungu chimasiyanirana ndi Chinyanja cha ku Likoma kapena cha ku Lusaka: anthu amamvana, koma khutu limadziwa kwawo kwa munthu.

Woluma lilimeyo ndi wa ku Spain, cha ku Madrid kapena kumpoto kwake. Kumeneko *z*, komanso *c* yotsatiridwa ndi *e* kapena *i*, amaitchula ataika nsonga ya lilime pakati pa mano n'kutulutsa mpweya. Si *th* wathu wa mu "thupi" ayi. Ku Latin America konse, ku zilumba za Canary ndi mbali ina ya Andalusia amangotchula *s*. Choncho *corazón* (mtima) ndi *cabeza* (mutu) mudzazimva m'njira ziwiri. Ife tikuti tengani *s*. Olankhula Chisipanishi ochuluka ali ku America, Mexico yekha ali ndi anthu oposa 120 miliyoni, ndipo ngakhale ku Madrid palibe wodwala amene angasokonezeke chifukwa mwati "korason". Vuto lake ndi limodzi: polemba muyenera kuloweza pamene pali *s*, *c* kapena *z*, popeza khutu silikuuzani.

Pali zina ziwiri zoti khutu lizolowere. *Ll* ya mu *rodilla* (bondo) ndi *pastilla* (piritsi) ambiri amaitchula ngati *y*, "rodiya", koma ku Buenos Aires ndi ku Montevideo amati "rodisha". *J* ya mu *ojo* (diso) ku Madrid imakanda kukhosi, pamene ku Cuba ndi yofewa, "oho". Za *tú* ndi *vos* ("iwe") komanso *vosotros* ("inu" wa anthu ambiri) musavutike nazo poyamba. Wodwala wamkulu mumuyankhula ndi *usted*, amene ali ngati "inu" wathu waulemu, ndipo ameneyu amagwira ntchito dziko lililonse.

Ndikuphunzira za ukiliniko ofesa. Mphunzitsi wanga wa pa intaneti, wa ku Colombia, amandiimitsa pafupipafupi chifukwa cha r ndi l. Ine sindimva kusiyana kwake. Kodi n'zofunikadi? Wophunzira, Luwinga

N'zofunika kuposa zonse zimene tayankha pamwambapa, achimwene, ndipo musatope nawo aphunzitsiwo. M'Chichewa ndi m'Chitumbuka, *l* ndi *r* sizisintha tanthauzo. Wina anene "kulira", wina "kulila", tonse timamva kuti mwana akulira. N'chifukwa chake khutu lathu silinaphunzire kuzilekanitsa. M'Chisipanishi muli maliwu atatu osiyana: *pelo* ndi tsitsi, *pero* ndi "koma", *perro* ndi galu. *Hora* ndi ola, *hola* ndi moni. *Muela* ndi dzino la kuchibwano, *muera* ndi "afe". Mukafuna kunena *abra la boca*, kuti wodwala ayasamule, koma n'kutchula "abla", iye amva mneni wa kuyankhula.

Yambani ndi pakamwa, khutu litsatira. Pa *l*, nsonga ya lilime imakhazikika pa nkhama kuseri kwa mano akumwamba, mpweya n'kumadutsa m'mbali. Liwu limeneli mutha kulikoka mpaka mpweya kutha. Pa *r*, lilime limangogunda pamalo omwewo kamodzi n'kuthawa, moti silikokeka. Ndiye dziyeseni: ngati liwu la pakati pa *hora* mukutha kulikoka, mukutchula *l*. *Rr* ndi lilime lofewa lonjenjemera ndi mpweya wamphamvu. Mumaipeza pamene alemba *rr*, monga *diarrea* ndi *hemorragia*, komanso pa *r* yoyamba mawu, monga *riñón* (impso) ndi *respire* (pumani). Ambiri amalephera chifukwa cholimbitsa lilime. Yambirani pa mawu a *tr* ndi *dr*, monga *tres* ndi *madre*, chifukwa *t* ndi *d* zimaika kale lilime pafupi ndi malo ake. *Rr* imatha kutenga miyezi, ndipo ikachedwa musadandaule. Chofulumira nacho ndi *l* ndi *r*. Lembani mawu awiriawiri ngati tapereka aja, dzijambuleni pa foni mukuwatchula mosakaniza, mawa lake mumvetsere n'kulemba zimene mwamva. Mphindi 10 pa tsiku zikwana.

Mukadzamva munthu wa ku Puerto Rico kapena ku Dominican Republic akuti "dolol" m'malo mwa *dolor* (ululu), musaganize kuti mwapeza chilolezo. Iwo amasintha kumapeto kwa phatikizo basi. Pakati pa malembo a liwu, *hora* ndi *hola* sazisakaniza.

Kupatula *l* ndi *r*, mbuna yachiwiri ndi chizolowezi chathu chomaliza mawu aliwonse ndi lembo la liwu. *Dolor* timati "dololo", *hospital* timati "ospitali". Nthawi zina zimangoseketsa, koma nthawi zina zimabala mawu ena: *tos* ndi chifuwa, *toso* ndi "ndimatsokomola", *tose* ndi "amatsokomola". Yachitatu ndi phatikizo lotsindika. Ife timatsindika lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo mawu a Chisipanishi othera ndi lembo la liwu, *n* kapena *s* amatero nawonso. Othera ndi malembo ena amatsindika phatikizo lomaliza: do-LOR, na-RIZ. Pakakhala kachizindikiro pamwamba pa lembo, tsindikani pomwepo: es-TÓ-ma-go, HÍ-ga-do. Taonani atatu awa: *vómito* ndi masanzi, *vomito* ndi "ndimasanza", *vomitó* ndi "anasanza". Pofunsa mbiri ya matenda, *tomo* (ndimamwa) ndi *tomó* (anamwa) zimalekanitsa amene wamwa mankhwala ndi nthawi imene anamwa.

Koma musaone ngati zonse n'zokwera. Malembo a liwu ndi asanu omwe aja, a e i o u, omveka ndendende ngati athu, chinthu chimene Angerezi amavutika nacho zaka. *Ñ* ndi *ny* wathu, ndipo muziitchula bwino pofunsa zaka: *año* ndi chaka, *ano* ndi kotulukira chimbudzi. *P*, *t* ndi *k* zawo ndi zopanda mpweya, za mu "pita" ndi "kama", osati *ph*, *th*, *kh*. Amene mumayankhula Chitumbuka muli ndi mwayi wina: *g* wa pakati pa malembo a liwu, monga mu *estómago*, ali pafupi ndi *gh* wanu, ndipo *b* kapena *v* wa pamalo otero ali pafupi ndi *ŵ*. *H* satchulidwa n'komwe.

Mwana wanga wamkazi akukonzekera kukaphunzira udokotala ku Cuba. Akuti anthu a kumeneko amameza mawu. Akonzekere bwanji? Bambo wa ku Katoto

Amamezadi, bambo, makamaka *s* wa kumapeto kwa phatikizo. *Dos pastillas* imamveka ngati "doh pahtiya". *D* wa mu *-ado* amasowa, moti *mareado* (wachizungulire) imakhala "mareao", ndipo *para* imafupika kukhala "pa". Zomwezi zimamveka ku Dominican Republic, m'mbali mwa nyanja ku Venezuela, ku Chile ndi kumwera kwa Spain.

M'wodi, *s* wosowayo ndi amene amalekanitsa chimodzi ndi zambiri: *la pastilla* ndi *las pastillas*. Manambala nawonso ndi oopsa: *dos* ndi *doce* ndi 2 ndi 12, *tres* ndi *trece* ndi 3 ndi 13, *sesenta* ndi *setenta* ndi 60 ndi 70. Mwanayo azolowere kuyambira pano kubwereza nambala iliyonse imene wauzidwa, kuilemba papepala n'kuonetsa mwiniwake. Aloweze chiganizo ichi mpaka chizituluka chokha: *¿Me lo repite más despacio, por favor?* Kumeneko n'kupempha kuti abwereze pang'onopang'ono.

Sukulu ya udokotala ya ELAM ku Havana, likulu la Cuba, imene inatsegulidwa mu 1999, imayamba yaphunzitsa Chisipanishi ophunzira ochokera m'mayiko a ziyankhulo zina asanalowe maphunziro enieni a udokotala, choncho sakafikira m'wodi. Komabe wofika ndi maziko amapepukidwa. Miyezi yoyamba amvetsere anthu a ku Mexico City kapena ku Bogotá, amene amatchula malembo onse momveka. Akatero asamukire ku wayilesi za ku Cuba pa intaneti. Radio Reloj imawerenga nkhani n'kumalengeza nthawi mphindi iliyonse, ndiye ndi yabwino pozolowera manambala, ngakhale kuti owulutsa amayankhula mosamala kusiyana ndi anthu a mumsewu. Adziwenso kuti mawu ena amasintha tanthauzo ndi dziko: *guagua* ku Cuba ndi basi, ku Chile ndi ku Ecuador ndi khanda.

Ndinakulira ku Dedza pafupi ndi malire ndipo Chipwitikizi ndimachimva. Chingerezi ndiye cha kuntchito. Kodi ziwirizi zindifupikitsira njira? Mzamba, Mchengautuwa

Zifupikitsa, mayi, makamaka powerenga. Chipwitikizi chikupatsani kasanjidwe ka aneni ndi mawu ambiri, koma siyani kutulutsira mawu m'mphuno, ndipo chenjerani ndi mayina osintha gulu, achikazi m'chiyankhulo chimodzi koma achimuna m'chinzake: *a dor* ya Chipwitikizi ndi *el dolor* ya Chisipanishi, *o sangue* ndi *la sangre*, *o leite* ndi *la leche*. Chingerezi chikuthandizani pa mawu a m'mabuku ochokera ku Chilatini ndi Chigiriki, monga *hipertensión*, *anemia* ndi *placenta*.

Ngozi ili pa mawu ofanana nkhope koma osiyana tanthauzo. *Embarazada* ndi woyembekezera, osati wamanyazi. *Constipado* ku Spain ndi munthu wachimfine, pamene wosachita chimbudzi ndi *estreñido*. *Intoxicado* ndi munthu amene chakudya kapena chakumwa chamudwalitsa, osati woledzera. Mu 1980 ku Florida, ku America, mnyamata wa zaka 18 anafika kuchipatala ali chikomokere, achibale ake n'kunena mawu akuti *intoxicado*. Ogwira ntchito anamva ngati wamwa mankhwala ozunguza bongo, pamene magazi anali kutayikira mu ubongo. Pozindikira n'kuti papita masiku, ndipo anafa ziwalo manja ndi miyendo. Chipukuta misozi chinafika madola 71 miliyoni.

Pa botolo la mankhwala, mawu a Chingerezi akuti *once* (kamodzi) munthu wa Chisipanishi amawawerenga "onse", kutanthauza 11. Lembani *una vez al día* (kamodzi pa tsiku). Ku Spain, Argentina ndi Colombia amalemba 2,5 pamene ife ndi a ku Mexico timalemba 2.5, ndiye mulingo wa mankhwala muziuyang'ana kawiri. Mneni *coger* ku Spain ndi wa tsiku ndi tsiku, kutanthauza kutenga, koma ku Mexico ndi ku Argentina ndi wotukwana. Gwiritsani *tomar*. BP ku Spain amakonda kuti *tensión*, ku Latin America *presión*. Malungo ndi *paludismo* kapena *malaria*, chimfine chachikulu ndi *gripe*, ku Mexico ndi ku Colombia *gripa*. Ndipo odwala sayankhula za m'buku: mimba wina ati *barriga*, wa ku Mexico *panza*, wa ku Chile *guata*.

Zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi pepala liti limene olemba ntchito amalilemekeza? Wa ku labu, Zolozolo

Sukulu ya akazembe a boma la America, Foreign Service Institute, inkawerengera maola 600 mpaka 750 a m'kalasi kuti wodziwa Chingerezi afike pogwira ntchito m'Chisipanishi. Pa ola limodzi patsiku, zimenezo ndi zaka ziwiri kapena kuchepera pang'ono. Mawu a kuchipatala okha sakwanira, chifukwa kufunsa ndi kophweka koma kumva yankho ndiye ntchito. Gawani nthawi: theka chiyankhulo wamba, theka mafunso a m'wodi monga *¿Dónde le duele?* (pakupweteka ndi pati), *¿Desde cuándo?* (kuyambira liti) ndi *¿Tiene alergia a algún medicamento?* (kodi pali mankhwala amene thupi lanu limadana nawo). Tsamba la MedlinePlus lili ndi nkhani za matenda m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi kwaulere, ndipo poti ndi zolemba, silidya bandulo ngati mavidiyo.

Mapepala odziwika ndi awiri. DELE, ya Instituto Cervantes, bungwe la boma la Spain lophunzitsa Chisipanishi, ili ndi magawo kuyambira A1 (lotsikitsitsa) mpaka C2 (lapamwamba kwambiri) ndipo siitha ntchito. SIELE imalembedwa pa kompyuta ndipo imagwira zaka zisanu. Mayeso onse awiri amavomereza katchulidwe ka dziko lililonse, bola kakhale komveka. Ofuna ku Spain adziwe kuti chiyankhulo ndi khomo loyamba chabe: digiri iyenera kuvomerezedwa ndi boma la kumeneko, njira yotchedwa *homologación*, ndipo mayeso olowera maphunziro a ukatswiri, MIR a madokotala ndi EIR a anamwino, amafuna gawo la C1 kwa ochokera m'mayiko osayankhula Chisipanishi. Mndandanda wa malo ovomerezeka olembera mayeso uli pa tsamba la Instituto Cervantes, ndiye muziyamba mwaonapo musanapereke ndalama kwa aliyense wodzitcha ejenti.

Pamene muli pa A2 kapena B1, gwiritsani Chisipanishi chanu popereka moni, kufunsa za ululu ndi kukhazika mtima wa wodwala pansi. Pofotokoza zotsatira za kulabu, popempha chilolezo cha opaleshoni ndi polongosola kamwedwe ka mankhwala, itanani womasulira wophunzitsidwa, osati mwana wa wodwalayo kapena foni.