Funsani Amakaniko: Kodi pulasitiki ingagwire ntchito ya chitsulo mu giyabokosi?

FUNSO: Zikomo amakaniko. Ine ndili ndi Land Rover Series III yomwe anandisiyira malemu bambo anga, nde giyabokosi yayamba kulira komanso giya yachiwiri ikumangotuluka yokha ndikamatsetsereka. Titatsegula tapeza mano a giya yachiwiriyo adyeka, kamphete ka synchro katha, kagiya ka speedometer nakonso kathyoka. Masipeya akundivuta kupeza. Mphwanga ali ndi 3D printer, akuti atha kundipangira zonsezi ndi pulasitiki yolimba, akuti masiku ano pulasitiki ikulimbana ndi chitsulo. Ndimulole kapena ayi? — Mwini Series III

YANKHO: Achimwene, mphwanuyo musamukhumudwitse, maganizo ake si oipa ayi, koma pa zinthu zitatu mwatchulazo mumulole chimodzi chokha, kagiya ka speedometer. Zinazo ndikukupemphani, ayi ndithu.

Tiyambe ndi giya yachiwiriyo. Mukaitenga m'manja, yesani kupala dzino limodzi lomwe lisanadyeke ndi fayilo, muona fayiloyo ikungotereka osaluma, ngati mukupala galasi. N'chifukwa choti giya imeneyo anaiotcha ku fakitale mpaka khungu lake linauma gwa, pomwe mkati anasiya mofewerapo kuti ikagundidwa mwadzidzidzi isaphwanyike. Nde ganizirani katundu amene mano amenewa amasenza. Pa Series III giya yoyamba imachulukitsa mphamvu ya injini ka 3.68, mukaponya low range, giya ya mphamvu ija, transfer box yomwe imagawa mphamvu ku matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo imachulukitsanso ka 2.35, difu nayo n'kuchulukitsanso, pofika ku matayala mphamvuyo yachuluka pafupifupi ka 40, ndipo njira yake yonse ndi pa mano, dzino limodzi kapena awiri pa nthawi, pokhudzana pake kamzere kopyapyala kwambiri. Tayala likamazungulira m'matope kenako n'kugwira mwala mwadzidzidzi, kugunda konseko kumabwerera ku mano omwewo. Pulasitiki ya pa printer siingapirire zimenezo, mano angosengeka musanatuluke n'komwe pa geti.

Palinso kutentha. Oyilo wa mu giyabokosi mukamakoka katundu kapena kukwera mtunda nthawi yaitali amafika madigiri 80 mpaka 100. Pulasitiki ya mtundu wa PLA, yomwe anthu ambiri a ma printer amayambira, imayamba kufewa pa madigiri 60 okha, ya PETG cha m'ma 80, ya ABS cha m'ma 105. Komanso pulasitiki ikatenthedwa imatupa kuposa chitsulo kasanu kapena kuposerapo, ndiye chomwe chinali kukwana bwino m'mawa galimoto isanalire, masana chathina. Nayiloni ndi yolimbirapo koma imamwa chinyezi n'kufufuma. Ndipo vuto lina lomwe mphwanuyo akulidziwa kale ndi loti printer imamanga chinthu m'mizeremizere, wina pamwamba pa unzake, mukachipinda chimang'ambika molondola mizereyo.

Kamphete ka synchro nde musayerekeze. Ntchito yake ndi kukhuzana, kamagwira giya ngati buleki kuti liwiro lifanane isanalowe, n'chifukwa chake amakapanga ndi mkuwa, umapirira kutentha ndipo umatha pang'onopang'ono osawononga giya. Ka pulasitiki kangasungunuke, zinyenyeswa zake n'kulowa m'timabowo ta oyilo, ndipo maginito amene ena amaika pa chotsekera oyilo sangazigwire. Zikatero mwaononga ndi ma bearing omwe anali abwinobwino.

Koma ndisanamizire pulasitiki kuti ilibe malo, ili nawo. Transfer box ya LT230 ya pa Land Rover Defender inkabwera ndi kagiya ka speedometer ka pulasitiki kuchokera ku fakitale, mitundu yake yosiyanasiyana malinga ndi kuchuluka kwa mano, ndipo kamakhala zaka osavuta poti ntchito yake ndi kuzunguza kawaya basi. Tibushi ta pa ndodo ya giya, chogwirira cha pamwamba, zotsekera fumbi, zonsezi pulasitiki imachita bwino, nthawi zina kuposa chitsulo chifukwa siichita dzimbiri komanso siilira. Nde kagiya kanuko apange, koma ndi nayiloni osati PLA, awerenge mano bwinobwino apo ayi speedometer izikunamizani. Akapeza ndodo ya acetal, ena amati Delrin, n'kusema pa makina, bola kwambiri chifukwa ilibe mizere ija ndipo siimwa madzi ngati nayiloni. Kakathyoka mungotaya speedometer, galimoto iyendabe.

Ine chomwe ndimaukondera printer ndi ichi. Mukafuna kupangitsa bushi kapena washala wa mkuwa kwa a lathe, mphwanuyo ayambe wapanga wa pulasitiki, muuyese pa shafuti ndi dzanja, muone ngati ukulowa bwino, ngati kabowo ka oyilo kali pamalo pake, mukakhutira mupite nawo kwa wosema ngati chitsanzo. Mkuwa suonongeka pachabe, ndipo wosemayo amaona ndi maso chomwe mukufuna m'malo momufotokozera ndi manja.

Chenjezo linanso, musaganize kuti chilichonse cha chitsulo nde chabwino. Wina akakusemerani giya ndi chitsulo wamba osaiotcha kuti iume khungu, idzatha msanga ndipo idzadya inzake. Zowotcherera mano n'kupala ndi gilayinda nazonso ndimakana, dzino silibwerera m'maonekedwe ake enieni, kulira kuja kumangowonjezeka. Mwayi wanu ndi woti Series III inapangidwa yambiri, kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo makampani ku United Kingdom akupangabe magiya, timphete ta synchro ndi mabushi ake mpaka lero, mungofuna nambala yomwe inadindidwa pa giyabokosi yanu poitanitsa chifukwa anasinthako zina m'kati mwa zakazo. Kapena pezani giyabokosi ina yakale muchotsemo zabwino. Mukasintha giya yachiwiriyo musinthenso inzake yomwe imalumana nayo, yatsopano ndi yakutha sizigwirizana.

Poti mwatsegula kale, onaninso bushi ya mkuwa yomwe giya yachiwiri ndi yachitatu zimazungulirapo, pa magiyabokosi amenewa imakonda kusweka ndipo nthawi zambiri ndiyo imapangitsa giya kutuluka yokha potsetsereka, pamodzi ndi tisipuling'i ta pa selector, chija chimalowetsa magiya, tikafooka. Pothira oyilo funani EP90 wolembedwa GL-4, ena a GL-5 amadya mkuwa, ndipo mu bokosi lanulo mkuwa ulimo wambiri.